Phulusa

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinagwira chiwongolero,
Kulima Tower mpaka Chilanga, Chilanga mpaka Kulima Tower,
kutukwana ndi hutala, kupepesa ndi hutala yomweyo.
Ndiye m'mawa wina, pa maloboti a ku Makeni,
phazi lakumanzere linaiwala kalachi.

Ku UTH anati sitiroko.
Ndinabwerera ku Chawama ndikukoka mwendo ngati thumba la makala,
pakamwa patapotoka,
ndipo miyezi isanu ndi inayi ndinabindikira kuseri kwa katani,
kuwerenga maminibasi ndi makutu okha.
Injini iliyonse ndinkaidziwa dzina.
Panalibe imene inkandifunsa.
Tulo tinkafika pakhomo, n'kusuzumira, n'kupitirira kwa aneba.

Mlamu wanga Sililo amawola ndowe m'khola la akavalo
kutali uko, msewu wa Leopards Hill ukatha phula.
Anati, bwerani Lachiwiri, mabwana sabwera Lachiwiri.
Ndinaseka ndi theka la nkhope.
Ine, wogonja pa sitepe ya bafa?

Anandikweza anthu atatu, ngati katundu wa pa kariya.
Dzina lake Phulusa:
wamkazi, wokalamba, diso limodzi lachita ng'ala,
fungo la udzu wouma ndi thukuta.
Pansi panali patali.
Ndinakumbatira zingwe ngati ndikutsika chitunda mabuleki atafa.
Iye anangoima nji.

Alamu, anatero Sililo, ameneyu si basi.
Mukamanga mpweya, nayenso amanga.
Pumani.

Ndinapuma.
Nthiti zake zinatukuka pansi pa ntchafu zanga, n'kuphwa,
ndipo anaponya chiboda choyamba.

Sindidziwa ndinene bwanji.
Chiuno chake chinanyamula changa,
kumanja, kumanzere, kutsogolo pang'ono, kumanjanso,
monga ndinkayendera kale popita kukatenga makiyi.
Mwendo wakufa uja unapita nawo,
osafunsidwa, osakokedwa.
Ndinali kuyenda ndi miyendo yobwereka,
thupi likukumbutsidwa nyimbo imene linayamba kuimba lisanadziwe kulankhula.

Tinazungulira bwalo kanayi basi.
Usiku umenewo ntchafu zinawawa zonse ziwiri.
Zonse ziwiri!
Ndinadzutsa Nasilele kuti amve nkhaniyo,
iye anati gonani, inu,
ndipo ndinagonadi, mpaka wogulitsa mabanzi atadutsa kachiwiri.

Lachiwiri linabala Lachiwiri linzake.
Msana unaphunzira kuima wopanda khoma.
Dzanja lopinda lija linapatsidwa bulashi,
lipese chenjerere, litsike m'khosi, libwerere,
ndipo zala zinayamba kutseguka chimodzichimodzi
ngati mashopu a ku Kamwala m'mamawa.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo,
tinatuluka m'bwalo kulowa m'misasa yofiira masamba.
Nkhanga inabuka pafupi, Phulusa anadzidzimukira mbali ya diso lakufa,
ndipo ine sindinagwe.
Bondo lakumanzere linagwira lokha.
Ndinatsamira pakhosi pake n'kulira,
kulira kumene ndinakubisira ana, abusa ndi madokotala.
Sanati pepani. Sanati limbani mtima.
Anangotembenuza khutu limodzi, n'kuyamba kubudula udzu.

Sindinachire, musamve molakwa.
Ndodo ndikadali nayo,
ndipo mawu ena amandithawabe pakati pa chiganizo.
Chiwongolero sindidzachigwiranso.

Koma Lachiwiri ndimadzuka tambala wa kwa Mweemba asanalire,
karoti ziwiri m'thumba la jekete,
n'kukwera basi ngati munthu wina aliyense.
Kondakitala amati, fenderani uko, mudala.
Ndimafendera.
Mnyamata ali kutsogoloyo amazunza kalachi,
amakalipira msewu wonse ndi hutala,
ine ndimangomuyang'ana m'khosi mouma mwake,
n'kupuma mpweya wautali,
monga anandiphunzitsira wa diso limodzi
amene pa ola lino wasomeka kale mutu pampanda,
kumvetsera kugogoda kwa ndodo yanga pamiyala.